Buledi Wosungira Bambo a Nina

Amayi anga, kumene muliko mwadzuka bwanji?

Ife kuno ku Barking tilipo, tikupuma. Lero ndi Loweruka m'mawa, bambo a Yamikani apita kukayendetsa basi yawo, m'nyumba muli zii, ndiye ndakhala pa tebulo la kukhitchini kuti ndikulembereni. Pali nkhani yomwe yakhala ikundilemera mumtima chiyambire Julaye, ndipo aliyense amene ndamufotokozera sakuimva mmene inu mukanaimvera. Koma ndiyambe ndi za pakhomo kaye, mungati ndasanduka mzungu wolowa m'nyumba ya eni osapereka moni.

Mchemwali wanga Joyisi anachira mu Meyi, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ndimamuona pa foni. Amayi, kamwanako kakakwiya kamakweza nsidze imodzi ndendende mmene munkachitira inu munthu akabweza mbale yosatsuka. Achimwene a Lemani chimanga sanakolole chambiri chifukwa mvula inadula mu Febuluwale, koma nyemba ndi mbatatesi za ku dimba lanu lija zachita bwino moti agawirako ndi azakhali. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mphepo. Akuti alikonza, koma a Lemani mukuwadziwa inu, "mawa" wawo amatha chaka.

Yamikani ali chaka chachiwiri ku yunivesite ku Greenwich. Chichewa amamva chonse, makamaka pamene tikumunena, koma kuyankha ndi m'Chingerezi basi. Ine kuseri kwa nyumba ndinadzala maungu kuti ndizithyolako nkhwani, nkhono za kuno n'kudya onse m'sabata imodzi, kundisiyira mapesi okha. Ndinakwiya mpaka kuzilankhula mokweza, mayi woyandikana nafe n'kusuzumira pa mpanda kufunsa ngati zonse zili bwino.

Ntchito ndikadali pomwe paja, ku nyumba yosungirako okalamba ku Romford. Paja munkandiseka kuti, "Fele, sukulu yonse ija kuwolokera nyanja kukasambitsa amayi a eni?" Munkanena moseka, koma ine zinkandilasa. Nkhani yangayi ndi ya mmodzi mwa amayi a eni amenewo.

Dzina lawo ndi a Nina. Ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi, kathupi kochepa, tsitsi loyera mbuu, ndipo kwawo ndi ku Rasha. Anabwera kuno kalekale atakwatiwa ndi Mngerezi wina wogwira ntchito m'sitima zapamadzi, yemwe anamwalira osasiya mwana. Alibe wowayendera. Ine ndawasamala zaka zinayi, ndipo mutu wawo ukanali bwinobwino anandigwira mkono tsiku lina n'kunena kuti, "Felesiya, ndikadzafika pothera usadzalole kuti andinyamule kupita kuchipatala. Ndikufuna kudzafera m'chipinda muno, pamene pali nkhope yomwe ndikuidziwa." Ine ndinavomera msangamsanga, ngati kuti zimenezo ndimalamula ndine.

Ndiye mu Julaye muno a Nina anasiya kudya. Madzi ankamwako pang'ono, koma chakudya ayi ndithu. Adokotala atabwera Lolemba anawayeza n'kunena kuti ngati sadya pofika Lachisanu, awatumiza kuchipatala akawaike madiripi. Amayi, pa msinkhu umenewo ambiri akapita kumeneko sabwerako. Ndinatsala ndi masiku anayi, ndi lonjezo langa lija.

Kuti mumvetse, ndikuuzeni zimene ankandifotokozera ndikamawapesa tsitsi, zaka zija mutu usanayambe kusokonezeka.

A Nina anabadwira pafupi ndi mapiri aakulu akummwera kwa dziko lawo, m'katauni komwe mafuta agalimoto amachokera pansi. Amakumba zitsime ngati za madzi, koma chotuluka ndi mafuta akuda bii. Bambo awo ankagwira ntchito pa zitsime zimenezo, ndipo akuti ngakhale asambe ndi sopo kawiri, akawanyamula ankanunkhabe mafuta m'khosi. M'chilimwe cha 1942, a Nina ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, asilikali a ku Jeremani anatsetsereka ndi gulu losaoneka pothera kulunjika kumeneko. Sankafuna minda kapena nyumba. Akasinja awo ndi ndege zawo zinali ndi ludzu, ndiye chilimwe chonsecho anathamangira zitsimezo. Ine poyamba ndinafunsa kuti, "Anthu onsewo kufera mafuta?" Iwo anangoti, "Eya, mafuta. Ife tinangopezeka panjira."

Adani atayandikira, boma linalamula kuti zitsime ziwonongedwe, mdani asapezepo ngakhale dontho. Anasankha amuna oti atsale, athire simenti m'zitsime ndi kuyatsa moto matanki osungira mafuta. Bambo a Nina anali mmodzi mwa otsalawo. Tangoganizani, munthu kuwononga ndi manja ake chinthu chomwe wachisamala moyo wake wonse. Akazi ndi ana anauzidwa kuti athawe. Bambowo anawaperekeza mpaka pa mlatho, n'kunena kuti, "Tsogolani, ndikamaliza ndikupezani."

Anayenda wapansi masiku ambirimbiri, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili m'kamwa, mbali zonse kuli minda ya mpendadzuwa yopanda wokolola. Akacheuka ankaona utsi wakuda utatseka theka la thambo, ndipo fungo lake linkawatsata kulikonse. Chakudya chinali buledi wakuda. Pogawa, mayi awo ankadula zigawo zitatu, n'kukulunga chachitatu m'kansalu: cha bambo, akatipeza afika ndi njala. Buledi uja ankauma gwa, iwo n'kumasungabe.

Ajeremani anafikadi ku zitsime kuja, n'kupeza phulusa ndi simenti. Mafuta omwe anathamangira sanawapeze oti n'kuwathandiza, ndipo chisanu chitafika anabwerera m'mbuyo atataya anthu osawerengeka. Koma bambo a Nina sanaonekenso. Panalibe kalata, panalibe mtembo, panalibe manda. Mayi awo anakalamba mpaka kumwalira osanenapo ndi pakamwa pawo kuti mwamuna wanga anafa.

Nkhani yonseyi ndinkaidziwa, Amayi, koma ndinali wopusa, sindinailumikize ndi zimene zinkachitika. Chilimwe cha chaka chino kunatentha modabwitsa, moti Angerezi ankayenda atafiira ngati tomato. Tinatsegula mawindo onse. Sabata yomweyo anthu okonza misewu anayamba kuthira phula kutsogolo kwa nyumba yathu ya okalambayo, fungo lonse n'kulowa m'zipinda. Kwa ife linali fungo la phula chabe. A Nina atalimva anabwerera pa msewu wa fumbi uja, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo sanachokeponso ngakhale titatseka mawindo. Anayamba kufunsa aliyense wolowa kuti, "Ababa afika?" Buledi wa pa thireyi ankamukulunga m'katishu n'kumubisa m'thumba la juzi, m'pilo, m'nsapato momwe.

Pa ntchito pathu anatiphunzitsa kuti wokalamba wosokonezeka mutu akafunsa za munthu yemwe anamwalira, usamuuze zoona, chifukwa umuliritsa ngati wangomva kumene. Umangomutonthoza n'kusintha nkhani. Si lamulo loipa ayi, ndaliona likuthandiza ambiri. Ndiye tonse, wa m'mawa ndi wa masana yemwe, tinkayankha chimodzimodzi: "Akubwera, ali m'njira. Inu idyani."

Lachitatu masana ndinakhala pambali pa bedi, supuni ili m'manja, ndikuwanyengerera ngati mwana. Ndinati, "A Nina, idyani pang'ono chabe. Bambo anu ali pafupi kufika." Iwo anamwetulira, n'kukankha dzanja langa mofatsa, n'kuti, "Ndiye tiwadikire. Tidyera limodzi."

Mayo ine! Ndinaona kuti amene tikuwapha ndi njala ndife, ndi bodza lathu lachifundo lija. Tikamati akubwera, mwana wolongosoka wa zaka zisanu ndi zitatu angadye bwanji bambo ake asanafike?

Madzulo ake m'basi yobwerera ku Barking ndinalira, anthu n'kumayang'ana kumbali monga amachitira a kuno. Sindinkalirira a Nina okha. Joyisi anandiuza, inu mutapita kale, za tambala wofiira uja. Akuti alendo ankabwera, Khirisimasi inkafika, koma inu n'kumakaniza kuti, "Ameneyo musamukhudze, ndi wa Fele, akubwera Disembala." Ma Disembala atatu, Amayi. Ine ndinkanena pa foni kuti ndikubwera ndikudziwa kuti mapepala anga sanalongosoke, kungofuna kuti mukondwe. Tambala anakalamba mpaka kufa yekha. Pepani. Mawu amenewa sindinakuuzenipo muli moyo.

Ndipo pamene munatisiya, pasipoti yanga inali ku ofesi yoona za viza, sindikanatha kutuluka m'dziko muno. Maliro anu ndinaonera pa foni m'kachipinda kopumira antchito, netiweki ikudukaduka. Bokosi likutsika chithunzi chinaima, n'kudzabwerera anthu akuponya kale dothi. Ndinaika foni m'thumba n'kupita kukagawa tiyi. Masiku atatu sindinadye ndipo sindinalire, ndinkangoyenda ngati chinthu chopanda mwini. Loweruka lake amayi a kutchalitchi anabwera kunyumba. Anavula nsapato pakhomo, anamanga zitenje pamwamba pa mathalauzi, anakankhira sofa kukhoma n'kukhala pansi pa kapeti, miyendo atatambasula, osalankhula. Nditawaona atakhala choncho m'pamene thupi langa linamva kuti mwapitadi. Ndinalira mpaka mawu kutha. Kenako mmodzi wa iwo, mayi Banda, anabwera ndi phala m'mbale imodzi, masupuni awiri, n'kuti, "Wamfedwa sadya yekha. Tiye." Ndinadya.

M'basi momwemo ndinazindikira kuti a Nina sanakhaliridwepo pansi ndi munthu. Zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, maliro a bambo awo anali asanalilidwe.

Lachinayi m'mawa ndinapita kwa Sisita Mwanza, nesi wamkulu wa mbali yathu. Ndi mayi wa ku Chipata ku Zambia, wolankhula Chinyanja cha kwawo, wamtali, wolusa pa ntchito koma mtima wake ndi wofewa. Nditawafotokozera maganizo anga anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Iwe Felesiya, ufuna batichose nchito tonse babili?"

"Sisita, mawa akupita kuchipatala. Tatsala ndi lero lokha."

"Manje bakalila maningi, mutima waima, uzakamba chani?"

"Sindikudziwa. Koma zimene tikuchitazi zakanika."

Kenako anafunsa kuti, "Chitenge uli nacho?" Ndinati ndabweretsa ziwiri. Anaseka n'kuti, "Ona uyu, anakonzeka kudala. Tiye kuli ba manijala."

A manijala athu ndi mayi wachingerezi wabwino mtima, koma chilichonse amafuna chilembedwe pa fomu. Anatimvetsera mpaka pamapeto, anaimbira foni adokotala, n'kutiuza kuti tisayambe ndife kunena. A Nina akafunsa okha tiyankhe zoona, mofatsa, ndipo iwo aima pakhomo, akaona kuti zaipa atiletsa. Za kukhala pansi sanazimvetse. Anafunsa ngati tikufuna mipando yowonjezera.

Nthawi ya chakudya cha masana tinalowa. Tinavula nsapato, tinamanga zitenje pamwamba pa yunifomu, n'kukhala pansi m'munsi mwa mpando wa a Nina, miyendo titatambasula. Sitinanene kanthu. Amayi, mawondo anga si aja munawasiya, pansi pa kuno ndi pozizira ngakhale m'chilimwe, koma ndinakhala mmene munandiphunzitsira, msana chilili, manja pamiyendo, maso pansi. Paja munkati pa maliro si pokaonetsa kuti umadziwa kulankhula.

Papita nthawi, a Nina anati, "Bwanji mwakhala pansi? Mipando ilipo."

Ndinati, "Kwathu timakhala chonchi pakhomo pakagwa maliro. Tabwera kudzapepesa."

"Wamwalira ndani?"

Sisita Mwanza anandigwira bondo. Ndinati, "Bambo anu, a Nina. Anatsala ku zitsime kuja. Ntchito ija anaimaliza, koma sanathe kukupezani panjira. Pepani. Pepani kwambiri."

Ndinamva a manijala akusuntha phazi pakhomo, ndipo mumtima ndinati basi, ndawononga. A Nina anayang'ana pawindo nthawi yaitali. Analankhula mawu angapo m'chinenero chawo, omwe sitinawamve, kenako anati m'Chingerezi, chapansipansi, "Ndinkadziwa. Amayinso ankadziwa. Koma panalibe wonena."

Kenako analira. Sikunali kulira kwa nkhalamba ayi, kunali kulira kwa kamtsikana, kotsegula kukamwa konse, mapewa akugwedezeka. Ndinakwawa n'kuika mutu wanga pa mawondo awo, iwo n'kundigwira tsitsi. Sisita Mwanza anayamba nyimbo ya pamaliro chapansipansi, ija timaimba ku Malawi ndi ku Zambia komwe, ine n'kumalandira pamene mawu akundilola. Ndikuuzeni zoona, misozi yangayo theka inali ya bambo omwe sindinawaonepo, theka inali yanu.

Atatopa, ndinawapukuta kumaso. Sisita anapita kukhitchini n'kubwera ndi phala lachizungu la otsi m'mbale imodzi, masupuni atatu. Kudyera mbale imodzi ndi wokalamba ndi koletsedwa kotheratu pa ntchito pathu. Ndinaponya diso kwa a manijala, n'kuwapeza akuyang'anitsitsa kudenga ngati kuli china chofunika kwambiri kumeneko, maso ali ofiira. Ndinatapa ine n'kudya. Sisita anatapa n'kudya. Ndinati, "A Nina, kwathu wamfedwa sadya yekha. Tiyeni." Anayang'ana mbale, anayang'ana ife, n'kutola supuni. Anadya masupuni asanu ndi awiri. Ndinkawerenga mumtima ngati ndikupemphera. Madzulo anamwa supu theka la kapu, m'mawa mwake anadya dzira.

Lachisanu adokotala anabwera, anawerenga zimene tinalemba, anawayeza, n'kunena kuti akhale, tionenso sabata yamawa. Sabata yamawayo inadutsa, inanso inadutsa, ndipo pano tili mu Seputembala a Nina akadali m'chipinda chawo. Lachisanu lija ndinapita kukabisala kochapira zovala n'kuvina ndekha, makina akulira, munthu wamkulu ndi ana anga.

Koma musaganize kuti anachira, Amayi. Matenda a mutuwa sabwerera m'mbuyo. Lolemba lotsatira ndinalowa ndi thireyi ya m'mawa, iwo n'kundiyang'ana ndi maso owala n'kufunsa kuti, "Ababa afika?" Buledi anali atamukulunga kale m'katishu. Ndinati kodi ndiziwaphera bambo awo tsiku ndi tsiku? Kodi zimene anatiphunzitsa zija si izi? Posowa chochita ndinaika thireyi pa tebulo, ndinavula nsapato, n'kukhala pansi.

Anandiyang'ana ndili pansipo. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, koma sanalire. Anapumira m'mwamba n'kuti, "Aa. Inde." Anatsegula katishu kaja, ananyema buledi pakati, n'kunditambasulira theka.

Ndinati, "Uyu si wa bambo anu?"

Iwo anati, "Safika. Idya iwe, wayenda ulendo wautali."

Chichokereni tsiku limenelo zimachitika choncho, mwina kawiri pa sabata, mwina katatu. Akafunsa sindinama ndipo sindinenanso kanthu. Ndimangokhala pansi, iwo n'kukumbuka okha, n'kunyema buledi. Gawo lomwe lakhala likudikira mwini wake chichokereni pa mlatho uja ndimadya ine, mwana wanu wa ku Ntcheu, nditakhala pansi m'chipinda cha ku Romford. Ndipo ndikamatafuna, iwonso amadya lawo.

Sindikudziwa kuti atsala ndi nthawi yaitali bwanji. Akuchepa thupi, amagona kwambiri. A manijala alemba m'faili mwawo kuti nthawi ikadzakwana asadzawasunthe, ndipo adzandiitane ngakhale ndili pa ofu. Ndidzakhalapo. Akadzafika kumene muliko muwalandire, chonde. Chichewa sadziwa kupatula "zikomo", koma ndi munthu waulemu, mudzagwirizana.

Mapepala anga analongosoka tsopano. Sindikuuzani mwezi, Amayi, chifukwa miyezi ndinakuuzani yambiri. Ndikangowaperekeza a Nina ndidzabwera, ndidzavula nsapato, ndidzakhala pansi pafupi ndi pamene munagona, ndipo sindidzadzukapo msanga.

Ndimakukondani kwambiri, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Felesiya